Zingwe Zitatu Zofiira

4 Malichi

Mwana wanga Kasingano,

Ndine bambo ako. Akulemba ndi azakhali ako, koma mawu ndi anga, ndipo ndawauza kuti asathiremo tsabola. Kaya muli bwanji kumeneko ndi amuna ako? Kuno tilipo, kungoti bondo likumandikumbutsa zaka.

Za ntchito yako yatsopano ya mu ofesi ndamva, ndakondwa. Koma pali china chimene sichinandikondweretse. Akuti unauza azakhali ako pafoni kuti wazungulira masitolo milungu iwiri kufuna thalauza la kuntchito, osalipeza. Akuti lokwana m'munsi likumasiya mpata m'chiuno woti mphaka n'kulowapo, ndipo lokwana m'chiuno silikumakwera n'komwe. Ndiye ndikufunse: kodi bambo ako anamwalira liti?

Ndasoka mathalauza zaka makumi anayi ndi chimodzi. A aphunzitsi, a madalaivala, a akwati, ngakhale ovala anthu m'bokosi. Palibe limene linabwezedwa. Ndinanena kalekale kuti tsiku limene thalauza langa lidzabwerere, kapena kupita kwa telala wina kukakonzedwa, ndidzatseka makina osatsegulanso. Mawu amenewo akadalipo. Ndikukuuza chifukwa anthu ayamba kulankhula kuti maso anga atha. Telala wa pamsika uja timamuti Chigamba wabwera kawiri. Amati akudzandiona, koma moni akupereka kwa ine, maso ali pa makina.

La munthu wamkazi sindinasokepo, ndivomera. Madiresi ankayeza ndi mayi ako akali moyo, ine n'kumangodula. Koma nsalu ndi nsalu.

Manambala a pa tepi sindiwakhulupirira akalembedwa ndi munthu wina, choncho ndaikamo zingwe zinayi. Chofiira uzunguze m'chiuno, pamene pamakhala lamba, umange mfundo pamene chakumana. Usakoke mimba, sukujambulidwa. Chakuda uzunguze pamene thupi lakula kwambiri, pansi pa chiuno. Wamva chimene ndikunena. Choyera chichoke m'chiuno kufika pa chidendene, utavala nsapato zimene uzipita nazo kuntchito. Chachikasu ukhale pa mpando wathabwa, uyeze kuchokera m'chiuno kufika pa thabwalo. Chimenechi ambiri amachiiwala, n'chifukwa chake ukawaona m'maofesi amakhala ngati akhalira minga.

Usandiyankhe pafoni. Foni ndi ya moni, za ntchito zimalembedwa.

Ndine bambo ako.

Apa ndine azakhali ako. Tsabola sindinathire. Koma munthu amene akukuyeza thalauzayu ndi yemwe uja anakubweza pakhomo uli ndi zaka khumi ndi zisanu chifukwa unavala la mnzako. Ndawakumbutsa. Akuti vuto linali lakuti silinkakukwana.

21 Malichi

Okondedwa Ababa,

Ndalandira kalata yanu. Ife tili bwino, akamwini anu akupereka moni. Bondolo muzilipumitsa.

Zingwe ndabweza, mfundo ndamanga monga munanenera. Ya chachikasu anandimangira ndi akamwini anu, akuseka mpaka misozi.

Ntchito ikuyenda, koma ndikumatopa. Ndimanyamuka kusanache bwino, basi imatenga ola lathunthu, ndipo ndikafika ndi masitepe a nyumba zitatu zosanja, mafayilo ali pachifuwa. Mashelefu ndi aatali, timakwera pa kamakwerero, ndiye siketi siyenera. Azimayi onse amavala mathalauza akuda kapena otuwa. Mayi amene amatiyang'anira salankhula zambiri, koma akamakupatsa moni amayambira kuyang'ana nsapato n'kumakwera. Ndikadali pa miyezi yoyesedwa mpaka Ogasiti, ndiye sindikufuna kuti diso lawo liziima pa ine.

Ngati mungathe, likhale lotuwa moderako, la matumba enieni olowa dzanja. A m'sitolo amangojambula thumba, ukalowetsa dzanja upeza msoko. Koma Ababa, musadzivutitse. Zikavuta ndimva.

Ndine mwana wanu.

24 Epulo

Kasingano,

Moni kwa iwe ndi amuna ako. Mawu akuti "zikavuta" ndawamva, ndipo ndauza azakhali ako kuti asawawerengenso.

Thalauza lako ndi ili. Lachedwa chifukwa cha nsalu. Yoyamba imene anandionetsa wa sitolo ndinaifumbata m'dzanja, nditatambasula inali ngati nkhope yanga. Yachiwiri inkanyezimira ikangomva simbi. Ndinadikira milungu itatu kuti ibwere ina. Kenako lamba wa makina anaduka. Za maso palibe chimene chinachedwetsa, wina asakunamize.

Usaime pagalasi n'kunena kuti lakwana. Galasi limaona munthu woima, pamene iwe udzikhala, kuwerama ndi kukwera. Ulivale ndi nsapato zija. Ulowetse zala ziwiri m'chiuno. Zikalowa zitatu lakula, zikakana lachepa. Ukhale pansi, kumbuyo kusatsike. Ukwere masitepe asanu. Matumba agone, asatsegule pakamwa. Kutsogolo kusaoneke mizere yochoka pa zipi ngati ndevu za mphaka. Mpendero ukhudze nsapato pamwamba, koma usasese pansi. Ukamasita uziyala kansalu konyowa pamwamba.

Chigamba anandipeza ndikudula. Anafunsa kuti ndi la ndani lopanda mwendo wautali chonchi. Ndinamuuza kuti ndi la munthu wa mu ofesi, iye sangamudziwe.

Undiuze zonse, osabisa.

Bambo ako.

9 Meyi

Ababa,

Tili bwino. Pepani ndachedwa kuyankha, masiku ano ndikafika kunyumba ndimangogwera pampando.

Thalauza ndi lokongola. Mwendo wagwa bwino, mpendero uli pamalo pake, matumba ndi enieni. Anzanga awiri afunsa kuti ndagula kuti. Kungoti batani la m'chiuno silikufika pa bowo lake. Patsala pang'ono, ngati zala ziwiri. Ndikumalivala ndi pini, bulauzi n'kuphimba.

Si inu ayi. Mwina ndinakoka chingwe kwambiri. Ndayezanso, chofiira china ndi ichi. Koma simukuyenera kusoka lina, pini ikugwira ntchito.

Mwana wanu.

5 Juni

Kasingano,

Ndikhulupirira kuti muli moyo nonse.

Pini. Mwana wa telala, mu ofesi ya anthu, ndi pini. Azakhali ako atawerenga mawu amenewo ndinatuluka panja.

Zingwe zako ziwiri zofiira ndaziyala pa tebulo. Chachiwiri chatalika ndi zala zitatu. Ndinakuuza kuti usakoke mimba. Mayi ako analinso chomwecho, akaona tepi ankasiya kupuma. Ndiye ulendo uno ndikukhululukira, ndipo nanenso ndadzikhululukira, chifukwa masiku awiri chakudya sichinkatsika.

Nsalu ija ndinagula yokwanira, ndasoka lachiwiri pa chingwe chatsopanochi. Ndinayeza katatu ndisanadule. Zipi ndinaisoka n'kuimasula, kuisokanso n'kuimasulanso, mpaka inagona. Landitengera milungu iwiri, ntchito imene kale inali ya tsiku limodzi ndi theka. Ndinalibe changu, n'chifukwa chake.

Ulendo uno sindikufuna mawu okha. Ujambulitse utalivala, kutsogolo ndi cham'mbali, manja ali kunja kwa matumba. Chithunzicho chikhale chapapepala. Za m'foni zimathawa ndikangozikhudza.

Bambo ako.

27 Juni

Mwana wanga,

Moni. Chithunzi chafika dzulo, chokhachokha, popanda ngakhale mzere umodzi. Milungu itatu ndinkafunsa azakhali ako ngati kwabwera kalata, mpaka anayamba kundiyankha ndisanafunse.

Ndinabwereka magalasi awo n'kukhala padzuwa. Ukuoneka wotopa, koma nkhope yadzaza, ndiye kuti ukudya. Ofesi yanu ndi yaukhondo. Bulauzi wavala yaitali, yofika m'ntchafu, ndipo ndikudziwa chifukwa chake. Matumba atsegula pakamwa onse awiri. Mzere wa simbi suli pakati pa bondo, wakokedwera kunja. Ndipo cham'mbali, pamene bulauzi yakwera pang'ono, pali kachidutswa ka nsalu ina kolowetsedwa mu msoko. Ulusi wake ukuwala. Ine ulusi wowala sindiugwira. Mwalowa telala wina m'menemo.

Sindikukudzudzula. Unafuna kupita kuntchito, unachita zoyenera. Poyamba ndinanamizira chingwe. Pano palibe woti ndimunamizire. Chingwe ndinali nacho m'manja, ndinayeza katatu, ndipo lachepabe. Ndiye kuti chimene manja akuchita, maso sakuchiona. Anthu aja ankanena zoona, ndine ndinali womaliza kumva.

Ndatumiza mawu kwa Chigamba. Abwera ndi wilibala Loweruka pa 26 Julayi. Ndampatsa mwezi kuti apeze pomuika makinawo posadontha. Sindikugulitsa, ndikungomupatsa, pamodzi ndi sizasi yaikulu ndi bokosi la mabatani. Ndi munthu wosoka mothamanga, koma ali ndi ana, ndipo makina akakhala osapondedwa amachita dzimbiri.

Iwe upite kusitolo. Usankhe lokwana m'munsi, chifukwa chiuno chimabwezeka koma nsalu yosowa siimera. Uyang'ane mkati ngati asiya nsalu mu msoko wakumbuyo. Zina zonse ndinakuuza kale.

Usandilembere zondipepesa. Ndatopa.

Bambo ako.

5 Julayi

Azakhali,

Kalata iyi ndi yanu nokha. Chonde musawawerengere Ababa.

Ndine woyembekezera. Mwezi wachisanu ukutha. Pamene ndinkamanga chingwe choyamba ndinali nditangodziwa kumene. Zingwe zonse ndinayeza bwino, sindinakoke kalikonse. Thalauza likamafika, mwezi ndi theka umakhala utadutsa, ine ndasuntha kale. Manja a Ababa alibe mlandu.

Mukudziwa chifukwa chimene ndakhalira chete. Ulendo woyamba ndinawauza mwezi wachiwiri, iwo n'kusoka timalaya tisanu ndi kamodzi. Ndinapita padera mwezi wachinayi. Ulendo wachiwiri anasokanso, ati toyamba tija tinali ndi tsoka. Nditatuluka m'chipatala ndinabwera kwanuko kudzapuma, ndipo tsiku lina ndinawapeza kuseri kwa nyumba akumasula misoko ya timalaya tija, ulusi umodziumodzi, kuti ndisatione. Azakhali, chimenecho sindikufuna kuchionanso. Ndinalumbira kuti ulendo uno sindiuza munthu mpaka mwezi wachisanu ndi chiwiri. Ngakhale kuntchito sakudziwa, ndikumangotalikitsa mabulauzi n'kumawerenga masiku kuti Ogasiti afike.

Ndinkati akamva za pini aseka n'kusiya. Kenako ndinati chithunzi chiwatsitsa mtima. Ndinaiwala kuti munthu amene ndikumunamizayo amaona ulusi pa chithunzi.

Anamwino akuti zonse zili bwino, koma ulendo wathanso ankatero. Ndimakwera masitepe aja nditagwira chitsulo, sitepe iliyonse ndikumvetsera m'thupi. Ndatopa, azakhali.

Chonde auzeni Chigamba adikire miyezi iwiri. Pezani chonena. Nenani kuti wilibala siyenera, nenani chilichonse.

Mwana wanu.

12 Julayi

Mwana wa achimwene,

Ndawerenga kalata yako kubafa ngati wakuba. Ndalira pang'ono, ndathokoza Mulungu, kenako ndakwiya nawe.

Sindiwauza. Nkhaniyi ndi ya pakamwa pako. Koma zonamiza Chigamba sizithandiza, chifukwa vuto si Chigamba. Ndinayesa kunena kuti tidikire nyengo itenthe. Anandiyankha kuti ngati wilibala yavuta anyamula okha pamutu.

Ndikuuze mmene alili. Makina anawapukuta, anathira mafuta, n'kuwafunditsa nsalu ya pa tebulo ya malemu mayi ako. M'mawa amavala malaya ndi tayi monga mwa masiku onse, n'kukhala pa mpando wapakhonde, manja ali pa mawondo. Phazi lokha ndi limene limagwedezeka, likupondaponda pansi popanda kanthu. Dzana kunabwera mphunzitsi wina ndi thalauza longofuna kupinda mpendero. Anamuuza kuti telala anasamuka. Chakudya akumangochitembenuza. Mwezi ukatha chonchi, sindikudziwa kuti nditsala ndi munthu wotani m'nyumba muno.

Ukuopa kuwaona akumasula timalaya. Ndikumva. Ine ndikuwaona akudzimasula okha, tsiku ndi tsiku, ndipo ndilibe kuseri kothawira.

Pa 26 patsala milungu iwiri yokha, si kutali. Uganize wekha. Masitepewo uzikwera pang'onopang'ono, mafayilo sathawa.

Azakhali ako.

19 Julayi

Ababa,

Moni. Ndaikamo zingwe ziwiri, chofiira ndi chakuda. Ndayeza lero m'mawa.

Zofiira zonse zitatu ndinayeza bwino. Sindinakokepo mimba ngakhale kamodzi. Muziyale pamodzi.

Zambiri sindingathe kulemba. Chonde musandifunse.

Mwana wanu, Kasingano.

27 Julayi

Mwana wanga,

Ndine bambo ako. Tadzuka bwino. Amuna ako uwapatse moni, uwauzenso kuti madzi osamba azikunyamulira ndi iwo.

Kalata yako inafika Lachisanu masana. Azakhali ako anawerenga mothamanga ngati ikuwawotcha, kenako anati ali ndi zochapa, n'kutuluka. Zochapazo sindinazione pa chingwe.

Ndinatenga zingwe zakale pa msomali n'kuziyala pa tebulo lodulira. Zakuda ziwiri zasiyana ndi chala chimodzi chokha. Zofiira, cha Meyi chaposa cha Malichi ndi zala zitatu, cha Julayi chaposa cha Meyi ndi chikhatho chonse ndi chala chamanthu. Sindinafune magalasi. Ndinangoyendetsa dzanja pa mfundozo.

Munthu wonenepa ndi chakudya amanenepa ponseponse, chakuda chimayenda limodzi ndi chofiira. Zingwe zoyenda chonchi ndinaziona kamodzi m'nyumba muno. Mayi ako ankandipatsa chingwe mwezi ndi mwezi kuti ndiwakulitsire masiketi, osanena kanthu, inenso osafunsa. Chaka chimenecho ndi chimene unabwera iwe.

Ndiye sindikufunsa. Sindinauze munthu. Azakhali ako ndawayang'ana, andiyang'ana, basi.

Koma ndinene chimodzi, ndipo alembe momwemo. Wandinamizira manja anga miyezi inayi. Ndakhala pakhonde ngati thumba la makala, ndikubweza anthu. Zimenezo zinandipweteka, ndipo sindinama kuti zatha. Chifukwa chake ndikuchidziwa. Ndinkaganiza kuti tsiku lija kuseri kwa nyumba sunandione.

Nanenso ndili ndi changa. Kuyambira chaka chatha, ulusi amandilowetsera pa singano ndi azakhali ako. Nsalu yakuda ndimasoka pakhonde pokha, dzuwa lili pamutu. Maso akupita ndithu. Kungoti sanafike pamene ndinawaika.

Chigamba anabwera dzulo ndi wilibala yake, atayalamo bulangeti. Anapeza nsalu ya pa tebulo nditachotsa, ndikuponda. Anaima pakhomo. Kenako anati, "Madala, si paja munati thalauza lanu likapita kwa telala wina ndiye kuti mwatseka?"

Ndinati, "Ndinkanena za anthu oima malo amodzi. Uyu akuyenda."

Sanamve, ndipo sindinamuthandize. Ndinampatsa bokosi la mabatani kuti wilibala isabwerere yopanda kanthu, n'kumuuza kuti makina ali ndi ntchito mpaka chaka chithe. Azakhali ako akuti mawu anga ndawakulitsa mu msoko ngati thalauza. Alembe ngati akufuna, ndi dzanja lawo.

Tsopano za ntchito. Thalauza lachitatu ndalidula kale, ulandira milungu iwiri isanathe. Ulendo uno sindisoka pa chingwe cha lero, ndisoka pa cha mwezi wa mawa. Kutsogolo lilibe zipi. Ndaika nsalu yofewa yotanuka kuchokera pa thumba kufika pa thumba linzake, ndipo imakwera pamwamba, siidula pakati. M'mbali mwa chiuno muli lasitiki wa mabowo asanu, uzisuntha batani wekha. Matumba ndawapendeketsa kuti asatsegule pakamwa. Kutsogolo ndatalikitsa ndi zala ziwiri kuti mpendero usakwere. Kuyambira m'ntchafu kutsika ndi thalauza la mu ofesi ngati lina lililonse. Mayi woyambira ku nsapato uja akafika pa bulauzi atatopa kale. Koma Ogasiti akangodutsa uwauze, akuchotse pa kamakwerero. Ngati sudzawauza, ndidzalemba ndine, ndipo ukudziwa kuti azakhali ako amalemba chilichonse chimene ndanena.

Awiri oyamba aja usataye. Uwapinde, adzakukwananso. Lachiwirilo udzabwere nalo ndidzachotse ulusi wa munthu uja.

Mwezi uliwonse uzitumiza chofiira. Kalata usavutike nayo ngati watopa, chingwe chokha chikwana. Mwezi umene sichidzabwera ndidzamvanso, ndipo sindidzafunsa.

Nsalu yatsalako pang'ono, ngati mkono umodzi. Sindinaidule, sindinaijambule ndi choko. Ndaipinda n'kuiika m'kabati, pansi penipeni, ndipo kiyi ndapatsa azakhali ako. Adzandipatsa iwe ukadzanena.

Ndine bambo ako, telala.